PAKHOMO PATHU: BWALO LA ANA ONSE

 Nkhani imene tabwera nayo lero ndi ya ana ndi masewera awo. Ena adzaiyesa yaing'ono, koma tikupemphani kuti mutimvere mpaka kumapeto, pakuti ife idatisowetsa tulo.

Sabata lina m'mwezi wa Okutobala tidakapembedza pa tchalitchi china cha kumudzi, kupatuka pang'ono pa msewu wa ku Mchinji mukangopitirira Msundwe. Ana a Sande Sukulu atamaliza maphunziro awo adatuluka ngati njuchi. Atsikana ena adayamba fulaye, ena adajambula phada pansi, anyamata adathamangira mpira wachikulunga, fumbi lili koboo. Dzuwa lidali lowamba, ndipo pabwalo lonselo padalibe mtengo ndi umodzi womwe. Chidatsalapo ndi chitsa cha mkuyu waukulu. Mkulu wa mpingo wina adatiuza kuti mtengowo udathera mu uvuni wa njerwa zomangira tchalitchi chomwecho.

Tili chiyang'anire, tidaona ana atatu amene sadali m'gulumo. Woyamba adali mnyamata wa zaka ngati khumi, atakhala pa njinga ya olumala m'munsi mwa masitepe, mawilo atatitimira mumchenga. Wachiwiri adali mtsikana wachialubino amene adatsalira m'kati, akusuzumira pazenera, chifukwa amayi ake adamuletsa kutulukira padzuwa. Ndipo adachita bwino kumuletsa. Wachitatu adali kamwana kosaona, katagwira chitenje cha agogo ake, kakutchera khutu kumene kunkachokera phokoso. Tidamufunsa mnyamata uja kuti, "Kodi iwe mpira suukonda?" Iye adati, "Ndimaukonda, koma anzanga amati ine ndiziwerenga zigoli." Adayankha mosadandaula, monga munthu amene adazolowera kale. Kuzolowera kumeneko ndiko kudatibaya mtima.

Ana anzawo aja sadali ankhanza, ndipo makolo sadali osasamala. Cholakwa chidali pa bwalo lenilenilo. Lidakonzedwa, kapena tinene kuti lidangosiyidwa, ngati kuti mwana aliyense ali ndi miyendo yolimba, maso akuthwa ndi khungu losaopa dzuwa.

MZINDA UMENE MNENERI ADAONA

Tsegulani Zekariya mutu 8, muwerenge ndime 4 ndi 5. Pofotokoza za Yerusalemu amene Mulungu adzamukonzanso, mneneri adasankha chithunzi chodabwitsa. Tikadayembekeza kuti atchule malinga, ankhondo kapena misika. Iye adaonetsa nkhalamba zoyendera ndodo zitakhala pabwalo, ndi ana aamuna ndi aakazi akusewera pomwepo. Chizindikiro cha mtendere wa Mulungu pa mzinda ndicho chakuti ofooka onse, a kumayambiriro kwa moyo ndi a kumathero kwake, ali ndi malo poyera ndipo sakuopa kanthu.

Kumbukiraninso Mefiboseti, mwana wa Jonatani. Buku la 2 Samueli limatiuza kuti adalumala miyendo ali ndi zaka zisanu, pamene mlezi wake adamugwetsa pothawa. Davide atakhala mfumu akadatha kumatumiza chakudya ku Lodebara kumene Mefiboseti ankakhala, ndipo anthu akadamutama. Koma adamuitanitsa, namupatsa malo pa gome limene ana a mfumu ankadyerapo. Ife Akhristu timadziwa kutumiza ufa ndi sopo ku nyumba ya wolumala, ndipo nzabwino. Chimene timachedwa kuphunzira ndicho kusendeza mpando kuti wolumalayo akhale nafe pa gome limodzi. Kwa mwana, gome limenelo ndi bwalo la masewera.

MALO AKUTHA TIKUONA

Lilongwe atakhala likulu la dziko mu 1975, amene adakonza mapu a mzinda adasiya nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa tauni yakale ndi mzinda watsopano. Lero m'nkhalango imeneyo muli Lilongwe Wildlife Centre, kumene ana a sukulu amapita kukaona nyama ndi kuyenda m'tinjira ta pansi pa mitengo. Anthu amenewo adaona patali. Akadapanda kusiya malowo nthawi ija, lero pakadakhala masitolo.

Koma mwana wa ku Msundwe, ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Nambuma adzafikako kangati? Mwina kamodzi pa ulendo wa sukulu, ngati makolo apeza ndalama ya minibasi. Mwana wa pa njinga ya olumala ndiye kawirikawiri amatsalira, popeza kukweza njinga yake ndi nkhani inanso. Tsono malo amene mwana afunika kusewererapo tsiku ndi tsiku ayenera kukhala pamene angafike ndi mphamvu zake.

Aliyense woyenda pa msewu wa ku Mchinji akuona m'mene mzinda ukukwawira chakumadzulo. Ku Njewa, ku Chitedze ndi ku Mpingu minda yambiri yasanduka mapuloti, ndipo Msundwe ndi Namitete akukula chaka ndi chaka. Ogawa mapuloti amayeza malo a nyumba, a golosale ndi a chigayo. Sitidamvepo kawirikawiri kuti ayeza malo a ana. Makolo athu akamanga mudzi watsopano ankasiya bwalo pakati, pansi pa kachere kapena mkuyu. Pamenepo ankaweruzirapo milandu masana, ndipo mwezi ukawala ana ankachitirapo chipako ndi chibisalirano. Ife tikumanga matauni opanda bwalo. Mwa malo aakulu amene atsala osagawidwa, ambiri ali m'manja mwa mipingo ndi sukulu. Nchifukwa chake nkhaniyi tailemba m'magazini a mpingo.

ANA AMENEWA ALIPO

Wina adzati, "Kwathu kuno ana otere ndi ochepa." Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 5 kapena kuposerapo, 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo anthu achialubino adakwana 134,636. Ngati pa tchalitchi chanu simuonapo ana otere, kapena nchifukwa chakuti ali m'nyumba. Ena adabadwa movutikira, ena adalumala ndi malungo a mu ubongo, ena adapsa kapena kugundidwa pa msewu. Ngakhale poliyo, amene tinkayesa kuti adatha, adapezekanso mwa mwana wina ku Lilongwe konkuno mu 2022.

Boma lidalonjeza kale. Malawi adavomereza pangano la maiko onse la ufulu wa ana mu 1991, ndipo gawo 31 la panganolo limanena za ufulu wa mwana wopumula ndi kusewera. Mu 2009 tidavomerezanso pangano la ufulu wa anthu aulumali, limene gawo lake la 30 lifuna kuti ana aulumali akhale ndi mwayi wosewera wofanana ndi anzawo. Lamulo la aulumali la mu 2012 lidalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024. Koma lamulo silibzala mtengo, ndipo silisalaza njira. Sinodi ya Nkhoma idayamba kalekale kuphunzitsa ana osaona, monga zichitira umboni sukulu za ku Chilanga ndi ku Malingunde. Ntchito imene tikunenayi ndi mphukira ya mtengo womwewo.

ZIMENE ENA ADAPHUNZIRA

Ambiri tikamva za bwalo la masewera a ana timaganiza za zitsulo zopakidwa utoto zochokera kunja, tikatero timataya mtima chifukwa cha mtengo wake. Komatu anthu amene adaiganizira mozama nkhaniyi adafika pa mfundo ina.

Friedrich Froebel wa ku Germany, mwana wa mbusa, adatcha sukulu yake ya ana aang'ono mu 1840 dzina lotanthauza munda wa ana, ndipo ankafuna kuti mwana aphunzire pogwira dothi ndi kusamala mbewu. Ku Denmark, katswiri wokonza malo, Carl Theodor Sørensen, adaona kuti ana ankakonda kusewera pa malo omangapo nyumba, pamene pali mchenga ndi zidutswa za matabwa, kuposa pa mabwalo okongola amene iye ankawakonzera. Motero mu 1943 ku Emdrup, mu mzinda wa Copenhagen, kudatsegulidwa bwalo limene ana ankadzimangira okha tinyumba ndi kukumba maenje. Mayi wina wa ku England, Lady Allen of Hurtwood, atakaona malowo adatengera nzeruyo kwawo, ndipo mu 1970 ku Chelsea, mu London, kudatsegulidwa bwalo lotere la ana olumala. Mayiyo ankalimbikira kuti mwana wolumala nayenso afunika kuda ndi matope ndi kuyesa mphamvu zake, osamangomusunga ngati dzira.

Tikawerenga zimenezi timamwetulira, pakuti agogo athu adazidziwa osapita ku Copenhagen. Ndani wa ife sadaumbepo ng'ombe za dothi, sadaphikepo masanje, sadakwapulepo nguli, sadapangepo galimoto ya mawaya kapena ya mapesi? Chuma chimenechi tili nacho. Chimene chikusowa ndi kuchikonza mwadala kuti mwana aliyense achifikire.

YAMBANI NDI KUFUNSA

Musanakhome chikhomo chilichonse, itanani ana aulumali a m'dera lanu ndi makolo awo, a mpingo wathu ndi a mipingo ina omwe. Yendani nawo pa malopo. Mkulu wa mpingo mmodzi akhale pa njinga ya olumala, ayese kuchoka pa msewu kukafika pakhomo pa tchalitchi. Wina amange nsalu m'maso, ayese kupeza chimbudzi. Mphindi khumi zotere zidzaphunzitsa komiti zambiri kuposa misonkhano itatu. Ndipo mfundo yotsogolera ikhale iyi: tisamange ngodya ya olumala payokha. Chilichonse chimene tiika chikhale choti mwana wolumala ndi wosalumala achigwiritse ntchito pamodzi.

NJIRA

Choyamba kumanga ndi njira, pakuti katungwe wabwino amene mwana sangamufikire ali ngati nkhokwe yopanda khomo. Njira ikhale yotakata mita imodzi ndi theka, kuti njinga ndi mnzake woyenda pambali apitire limodzi akucheza. Ikhale yolimba: katondo wosakaniza ndi timiyala, wotsendereza bwino, kapena njerwa zotsala zoyalidwa mosasiya mipata. Pakati pake pakwere pang'ono kuti madzi a mvula asakhazikike. Pamene pali sitepe pamangidwe chitunda chotsetsereka pang'onopang'ono. Muyeso wa amisiri ngwakuti pa sentimita imodzi ya kukwera pafunika masentimita 12 a utali. Ndiye kuti sitepe ya masentimita 15 ifuna chitunda cha masentimita 180. Zitunda zambiri zimene timaona pa makomo a masitolo nzophedula kotero kuti munthu wa pa njinga sangakwere yekha.

M'mbali mwa njira muikemo mzere wa njerwa zopakidwa laimu. Kuyerako kudzathandiza mwana woona movutikira, ndipo ndodo ya wosaona idzagunda m'mphepetemo. Mbali imodzi mumangemo chogwirira cha nsungwi zosalazidwa bwino. Njirayo izungulire bwalo lonse ndi kubwerera pamene idayambira, kuti woitsata asasokere.

MTHUNZI NDI MITENGO

Kwa mwana wachialubino mthunzi ndi moyo, pakuti dzuwa limabala zilonda zimene zimasanduka khansa ya pakhungu. Chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu nzofunika, koma mwana wosewera afunikanso denga. Anthu a kuno ndi akatswiri omanga zigafa za fodya. Luso lomwelo limange chisakasa chachitali cha udzu pamwamba pa malo a mchenga ndi pa mipando, kuti ana asewere mumthunzi pamene mitengo ikukula.

Tsono mitengo. Achikulire akumbukira tsiku la 21 Januwale, limene kuyambira mu 1976 lidali tsiku lobzala mitengo m'dziko muno. Masiku ano nyengo yobzala imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Tibzale mitengo yathu imene ana ambiri a lero amangoimva dzina: m'bawa, mlombwa, msambamfumu, muula, katope ndi msuku. Kachere amaphuka msanga mukangozika nthambi yake, koma iye ndi mkuyu akhale kutali ndi maziko a nyumba ndi chitsime chifukwa cha mizu yawo. Mango, magwafa ndi mapapaya adzapatsa ana chotolera. M'mbali mwa njira mubzalemo zonunkhira monga mpungabwe ndi mandimu, kuti mwana wosaona adziwe pamene wafika ndi mphuno yake.

Ilipo mitengo ina yosayenera pa malo a ana. Utomoni wa nkhadze umawononga maso. Njere za nsatsi ndi zakupha mwana akazitafuna. Zipatso za mvunguti nzolemera, zikagwera pamutu ndi ngozi. Msangu ndi mthethe nzabwino kumunda, koma minga yake imabaya mapazi ndi kuphulitsa matayala a njinga. Za chitedze sitichita kunena.

Mtengo uliwonse ukhale ndi mwini wake pakati pa ana, woutchingira kampanda kuti mbuzi zisadye ndi kuuthirira m'chilimwe. Dzina la mtengo lilembedwe pa kathabwa m'zilembo zazikulu zogoba, kuti zala zithe kuziwerenga. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, yavulala kwambiri ndi makala amene timawaona pa njinga m'mawa uliwonse akulowa mu mzinda. Mwana amene adalera m'bawa wake kuyambira uli kamera adzaganiza kawiri asananyamule nkhwangwa. Kuongola mtengo mpoyamba.

ZOSEWERETSA

Mchenga ndi dothi ndizo mfumu ya zoseweretsa. Pansi pa chisakasa pakhale dzenje la mchenga wa kumtsinje, ndipo pambali pake, pamene njira yolimba ifika, pakhale tebulo lolimba lokhala ndi milomo, lokwera masentimita 75, loti mawondo a mwana wa pa njinga alowe kunsi kwake. Pa tebulolo muziikapo mchenga ndi dothi la kumtapo. Mudzaona kuti ana onse adzathamangira pomwepo, chifukwa kuumba ng'ombe utaimirira nkokoma. Tebulo lina likhale la bawo. Bawo safunsa miyendo, ndipo wosaona amatha kuwerenga nkhomo ndi zala.

Akatungwe akhale a mitundu iwiri pa mtanda umodzi: wa thabwa wamba, ndi wina wa mpando wokhala ndi chotsamira ndi lamba, wa mwana amene sangathe kudzigwira. Tayala lalikulu lopachikidwa chogona, lolukidwa zingwe pakati, limanyamula ana awiri kapena atatu, wolimba ndi wofooka pamodzi. Pansi pa akatungwe pakhale mchenga wakuya masentimita 30, ndipo malowo atchingidwe kuti mwana wosaona asalowe m'njira ya katungwe. Tayala lililonse libooledwe kunsi kuti lisasunge madzi oswera udzudzu.

Mitengo yogwa kale isaotchedwe yonse. Chipika chachikulu chogonekedwa pansi chimasanduka mlatho, basi, ng'ona kapena guwa, monga ana afunira tsiku limenelo. Dothi lotsala pokumba liunjikidwe likhale kaphiri kobzalidwa kapinga, mbali imodzi yophedula ya okwera chothamanga, mbali ina yotsetsereka pang'ono ya njinga, kuti onse akakumane pamwamba. Kwa mwana amene moyo wake wonse amayang'ana anzake chokweza maso, kukhala pamwamba kamodzi ndi chinthu chachikulu.

Musaiwale makutu. Mangolongondo a zidutswa za mitengo youma, ng'oma yomangiriridwa pa nsanamira, ndi nsungwi zolendewera zogundana ndi mphepo, zonsezi ndi zoseweretsa, ndiponso zimathandiza wosaona kudziwa mbali imene ali. Osaona m'maiko ambiri amasewera mpira wokhala ndi zolira m'kati. Ana athu amene amakulunga okha mpira angathe kuikamo kachitini ka timiyala pakati. Mwana wosamva afuna malo oonekera bwino, ndi mipando yozungulira kuti aone nkhope ndi manja a onse. Tinyumba ta masanje tikhale ndi makomo otakata.

MALO A BATA, MADZI NDI CHITETEZO

Alipo ana amene phokoso limawasokoneza mutu, ndi ena amene amatopa msanga. Chakumapeto kwa bwalo kukhale ngodya ya bata, ya mphasa ndi mpando pansi pa mtengo, koma yoonekera kwa akulu. Pomwepo angagonekedwe mwana wa khunyu akagwa. Tinene mosabisa: khunyu sapatsirana. Mwana akagwa, chotsani zimene zingamupweteke, musamuike kanthu m'kamwa, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali. Chifukwa cha ana otere ndi makanda, pabwalo pasakhale dziwe kapena moto, ndipo maenje onse oumbira njerwa akwiriridwe. Ngati pali mjigo pafupi, madzi otayika alowe m'dzenje lodzazidwa miyala.

Chimbudzi nchimene chimabweza ana ambiri olumala kunyumba. Taganizani za mwana woyenda chokwawa amene ayenera kulowa ndi manja m'chimbudzi chimene ana zana apondamo. Chimodzi chikhale ndi chitseko chotakata masentimita 90, chotsegukira kunja, chokhala ndi mpando wokwera ndi zogwirira m'mbali, ndi madzi osamba m'manja pafupi.

Kuyambira mu 2014 dziko lathu lidachita manyazi ndi nkhanza zochitira anthu achialubino, ndipo makolo ambiri mpaka lero amaopa kutulutsa ana awo. Choncho bwalo likhale ndi mpanda wa zomera waufupi, khomo limodzi, ndi munthu wamkulu wodziwika nthawi zonse pamene ana alipo. Apa ndi pamene nkhalamba za mneneri Zekariya zilowera. Ikani mipando yotsamira mumthunzi, agogo adzabwera okha. Adzakhala alonda, adzaweruza timilandu ta phada, ndipo nthano ndi zirapi zimene zikutha zidzapeza pokhala.

MAFUNSO AMENE TIKUWAYEMBEKEZA

"Ndalama zichokera kuti?" Werengani bwino zimene tatchulazi: dothi, mchenga, udzu, nsungwi, zipika, matayala otha, mbande. Zogula ndi misomali, zingwe, laimu, matumba owerengeka a simenti ndi malipiro a kalipentala. Amisiri a matabwa ndi owotcherera zitsulo ali pa Msundwe ndi pa Namitete, ena ndi Akhristu athu omwe. Mpingo umene udatha kuumba njerwa zikwi zambiri za tchalitchi sungalephere njira ya mamita makumi asanu. Mutu umodzi susenza denga, koma sitikunena za mutu umodzi. Chovuta chenicheni chili pa kusamala. Chiswe sichipita ku tchuthi. Pasankhidwe anthu awiri oyendera bwalo mwezi uliwonse, kugwedeza nsanamira, kuyang'ana zingwe ndi misomali, kutipula mchenga ndi kutchetcha udzu kuti njoka zisabisale.

"Kodi bwalo la tchalitchi ndi malo osewerera?" Msonkhano wa akulu a mpingo uli ndi mphamvu yoika nthawi, kuti mapemphero asasokonezeke ndi kuti Sabata lilemekezedwe. Koma bwalolo limakhala lopanda munthu masiku asanu kapena asanu ndi limodzi pa mlungu, pamene ana akusewera m'mphepete mwa msewu wa magalimoto akuluakulu opita ku Zambia. Pamene ophunzira adayesa kuthamangitsa ana, tidziwa mbali imene Ambuye adaima. Ndipo m'midzi yambiri sukulu za mkombaphala zimakumana m'matchalitchi momwemo. Bwalo lotere lidzakhala kalasi yawo yabwino koposa.

"Nanga mwana wanga wolumala akavulala?" Mayi, mantha anu tikuwamva, ndipo ngochokera m'chikondi. Nchifukwa chake tanena za mchenga wakuya, malamba ndi akulu oyang'anira. Koma mwana aliyense amakula ndi zipsera za pa bondo. Amene sadagwepo sadziwa kudzuka. Madokotala a mafupa ndi olimbitsa ziwalo amalimbikitsa kuti mwana wofooka miyendo kapena manja aziyenda, azigwira, azikankha. Bala la pa bondo limapola mlungu umodzi. Bala la kusungulumwa limapita naye mpaka ku ukulu.

Lilipo funso lina limene anthu salifunsa mokweza: "Kodi mwana wanga akasewera ndi wotere, sadzatengera tsoka?" Ophunzira a Yesu adafunsa zofanana nazo pa Yohane mutu 9, pofuna kudziwa amene adachimwa kuti munthu uja abadwe wosaona, ndipo Ambuye adakana maganizo amenewo. Ulumali si temberero, chialubino si matsenga. Makolo athu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ana amene aumbira limodzi ng'ombe za dothi sadzakhulupirira mabodza otere akadzakula, pakuti adzakhala akudziwa mnzawoyo ndi dzina lake.

TICHITEPO KANTHU

Pa Marko mutu 2 timawerenga za anthu anayi amene adanyamula mnzawo wofa ziwalo, ndipo atapeza khomo litadzaza adasasula denga. Mwini nyumba uja adatsala ndi ntchito yokonza, koma munthu adafika kwa Yesu. Ife sitikupemphedwa kusasula denga. Tikupemphedwa kusalaza njira, kubzala mitengo ndi kusiya malo.

Tsono tikupempha zinthu zitatu. Akulu a mpingo, pa msonkhano wanu ukudzawu patulani malo a ana, muwalembe m'buku la mpingo, mukhome zikhomo pamaso pa a mfumu, asanabwere wina ndi maganizo omangapo nyumba za lendi. Amayi a Chigwirizano, inu amene mumadziwa khomo lililonse, yendani muwerenge ana amene sabwera ku Sande Sukulu chifukwa cha ulumali, mukacheze ndi amayi awo. Achinyamata, yambani tsopano kufesa mbewu za mitengo m'machubu ndi kusonkhanitsa matayala, kuti mvula ikadzagwa mudzakhale okonzeka. Ndipo inu a m'mizinda amene muli m'makomiti a makhonsolo ndi a sukulu, mukamva kuti pakukonzedwa paki, funsani funso limodzi lokha: kodi mwana wa pa njinga adzafika pa katungwe?

Ife tidachoka pa tchalitchi chija dzuwa litapendeka. Mnyamata uja adali pomwe paja, ndipo adatiuza kuti zigoli zidathera zitatu kwa ziwiri. Amawerenga bwino ndithu. Koma tikulakalaka tsiku limene wina adzamuwerengera iye.

Mpingo umene wayambapo ntchito yotere utilembere kudzera kwa Mkonzi, utiuze zimene zayenda ndi zimene zavuta, kuti ena aphunzirepo. Mpaka mwezi wamawa, Ambuye asunge inu ndi ana anu onse.